Tauni Yotchedwa Ragna

Chitumbuwa chimene anthu opima njira ya njanji aja anadya ndinaphika ndine. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa kuno ku Dakota aliyense amene mungamufunse akuuzani kuti tauni ya Ragna inapatsidwa dzina la mayi amene anadyetsa alendo anjala, koma palibe amene amafunsa kuti mayiyo chakudyacho anachitenga kuti. Anachitenga m'manja mwanga. Yake ntchito inali kunyamula mbale kuchoka pa chitofu kukafika pa tebulo, kwinaku akumwetulira.

Ragna ndi mng'ono wanga, bere limodzi. Ine ndine Berit. Iye anatengera amayi, nkhope yosalala ndi tsitsi loti anthu ankatembenuka nalo m'tchalitchi, pamene ine ndinatengera abambo chibwano ndi zikhatho zomwe. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbo zinandikanika, ndiye ndinadziwa kuphika. Tili pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Norway, tonse tidakali atsikana, wantchito wina wa m'sitimamo anatulutsa lalanje m'thumba n'kupatsa Ragna, ine nditaima pomwepo ngati chitsa. Anandigawira theka, sindikukana ayi. Koma lalanjelo anapatsidwa ndi iye, ndipo moyo wathu wonse unayenda choncho.

Ine ndi amuna anga a Halvor tinali ndi sitolo ku Sandvik, pa doko la mtsinje pamene ngolo zonse zinkawolokera. Nyumba inali imodzi ya matabwa: kumaso sitolo, kumbuyo khitchini ndi kachipinda kogona. Mbiri ya njanji itayamba kumveka, tonse tinadziwa kuti idutsa pa Sandvik, nanga ikanadutsa pati? Tchalitchi chinali pomwepo, positi ofesi pomwepo, wosula zitsulo pomwepo. A Halvor mpaka anapaka sitolo penti wobiriwira kuti okwera sitima azidzaiona adakali kutali. Ragna anakwatiwa ndi Eilert, munthu wofatsa ngati ng'ombe yokoka ngolo, ndipo munda wawo unali kumpoto, ulendo wa maola angapo, pa chidikha chopanda mtengo ngakhale woti galu n'kukwezapo mwendo. Ndinkamumvera chisoni mng'ono wanga, ndipo chisonicho chinkandikoma.

Inali nthawi yopuntha tirigu. Amuna a dera lonse anali kwa Eilert ndi makina, ndipo ine ndinapita kukathandiza kuphika monga timachitira. Ndinaphika lefse, timikate tathu topyapyala ta mbatata tija, mpaka mikono kuwawa. Ndinaphika nyama, ndiponso zitumbuwa za zipatso zakutchire zimene ndinathyola ndekha m'mbali mwa mtsinje, udzudzu ukundidya. Dzuwa lili paliwombo kunatulukira anthu achilendo, fumbi lokhalokha, atanyamula zikhomo ndi chida chawo cha miyendo itatu chosuzumira patali. Mkulu wawo ankati Bambo Whitcomb. Ragna anawakhazika pa tebulo panja, ine ndili mkati kulimbana ndi moto, thukuta lili kamukamu.

Pa windo ndinamva bamboyo akuti, "Mayi, chiyambire kupima njira imeneyi sindinadyepo chitumbuwa chotere. Dzina lanu ndani?"

"Ragna," anatero mng'ono wanga ndi kamawu kake kotsika kaja.

"Ragna. Lalifupi, lokoma, ndipo likwana bwino pa thabwa."

Anzake anaseka, ine sindinadziwe chimene ankaseka. Ragna ankalumbira kuti anawauza kuti wophika ndi mkulu wake. Ine sindinamve. Kaya mwina poto ankawira kwambiri.

Chaka chotsatira tinadziwa tanthauzo la thabwa lija. Njanji sinabwere ku Sandvik. Anati mtsinje umasefukira, mlatho ndi wovuta, pamene kumpoto n'kosalala. Inadutsa pakati pa munda wa Eilert, ndipo pamene panali khola la nkhumba anamangapo siteshoni n'kukhomapo chikwangwani cha zilembo zazikuluzikulu: RAGNA.

Tsiku limene sitima yoyamba inafika anthu onse anapitako. Inenso ndinapita, kuti asati ndajomba chifukwa cha kaduka. Bwana wina wa kampani ya njanji, mimba ili patsogolo, anakwera pa bokosi n'kulankhula kuti zitsulo ziwirizi zilumikiza nyanja ya kum'mawa ndi ya kumadzulo, kuti tirigu wathu adzadyedwa ndi anthu a m'mizinda amene sanaonepo pulawo, kuti dziko likukula ndipo wogona atsala. Kenako kondakitala anatsika n'kufuula, "Ragna! Ragna! Otsikira pa Ragna!" Amuna anaseka n'kumaloza, "Ndi uyu, ndi uyu!" Anamukweza pa bokosi paja, anamupatsa maluwa, iye nkhope ili psuu ndi manyazi. Ine ndinaomba nawo m'manja, mtima ukundiwawa ngati ndameza khala la moto.

Bwana uja sananame. Mabogi ankabwera odzaza matabwa, malasha, misomali ndi anthu a zilankhulo zosamveka, n'kubwerera odzaza tirigu. Mlimi amene kale ankawoloka pa doko lathu ndi ngolo, kugona m'njira kukagulitsa zokolola, tsopano ankangokhuthula pa siteshoni n'kukadya nkhomaliro kwawo. Pa doko panayamba kumera udzu.

Ndiye kusamuka kunayamba. Kuno nyumba sitiisiya, matabwa amachokera kutali. Timaitukula, n'kulowetsa mitengo iwiri ikuluikulu pansi pake, kumanga matcheni, akavalo n'kukoka. Anayamba ndi wosula zitsulo. Kenako inanyamuka nyumba ya mowa, amuna akuiperekeza wapansi ngati akuperekeza mkwatibwi. Akazi sankatuluka n'komwe. Unkaona nyumba ikukwawa pa udzu, utsi ukutuluka pa chumuni, khofi akuwira pa chitofu, mayi ali pa windo. Akazi awo a Bambo Tollefsen a ku positi ofesi anadutsa choncho pakhomo pathu, ali ndi kapu m'manja.

"A Berit! Tikakuperekereni moni kwa Ragna uti, munthu kapena tauni?"

"Gwirani bwino kapuyo mayi, kutsogoloko kuli dzenje," ndinatero. Dzenje linalipodi, ndipo ndinamva mbale zikusweka. Tsiku limenelo ndinadya bwino.

Tchalitchi chinapita chomaliza, akavalo a dera lonse atachimangirira, belu likudziliza lokha chikagwedezeka. M'Sandvik munatsala maenje a pansi pa nyumba, zimbudzi, manda, ndi ife.

"Mayi," anatero a Halvor tsiku lina tikudya, "sabata yonseyi ndagulitsa singano imodzi, nayonso mwatenga ndinu."

"Ndiye kuti ogula alipo."

"Musandiseke. Sitolo yopanda anthu ndi nkhokwe ya mbewa. A Eilert atisungira malo moyang'anana ndi siteshoni penipeni."

"Moyang'anana ndi chikwangwani, nenani choncho."

"Ndi thabwa chabe, Berit."

"Thabwa? Akadzakufunsani kuti akazi anu amakhala kuti, mudzati ku Ragna. Ndikadzafa adzati wafera ku Ragna. Mwana ameneyu ndinkamupukuta mamina ine, ndinkamuchapira matewera, lero ndikakhale m'dzina mwake ngati wobwera? Ikanakhala tauni ya Whitcomb, kapena ya Nkhumba, nyumbayi ndikanaikoka ndekha ndi mano."

"Koma inu, nsanje imeneyi idzakuphani."

"Idzandiphera pakhomo panga."

"Sitoloyo ndiye ndikupita nayo."

"Tengani. Khitchini ndi yanga."

Ndinkayesa ndi nkhambakamwa. M'mawa mwake a Halvor anabwera ndi Eilert atanyamula macheka aakulu ogwira anthu awiri, anakwera padenga n'kuyamba kucheka nyumba yathu pakati. Utuchi unkagwera mu mtanda wa buledi. Eilert ankalephera kundiyang'ana.

"Pepanitu alamu," ankangotero, "ine ndangopemphedwa."

"Chekani bwino alamu, musadzidule chala, mng'ono wanga angadzati ndine."

Anakhoma matabwa ku mbali yotseguka, anamangirira akavalo, ndipo sitolo yobiriwira ija inauyamba wa kumpoto, a Halvor akuyenda pambali pake osacheuka. Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira ku shedi ya nkhuni.

Kuyambira pamenepo ndinakhala ndekha m'theka la nyumba, ndi nkhuku ndi ng'ombe imodzi. Mphepo ikachokera kumpoto ndinkamva kulira kwa sitima, ndipo ndinkadziwa kuti pakali pano kondakitala akuyasamula kukamwa kuti aitane mng'ono wanga. A Halvor ankabwera Lamulungu lililonse masana ndi ufa, malasha ndi palafini. Funso lawo linali limodzi.

"Mwakonzeka?"

"Ayi."

Ankakhala pansi n'kudya ngati munthu wochokera kundende, kwinaku akundiuza nkhani. Ku Ragna amanga nkhokwe ya tirigu yaitali kuposa tchalitchi. Ku Ragna kwabwera dokotala. Ku Ragna wotchi aliyense akutchera potengera ya pa siteshoni, ngakhale abusa akumadula ulaliki sitima ikalira. Dzina lija linkatuluka pakamwa pa mwamuna wanga kambirimbiri pa mbale imodzi ya supu, langa osalitchula mpaka potsanzika.

Mwini dzina naye ankabwera. Ana ake awiri anamwalira asanasiye kuyamwa, ndipo anagona m'manda a ku Sandvik, kuseri kwa khitchini yanga. Manda okha ndiwo sakokeka ndi akavalo. Timitumbira tiwirito sitinagundane, pakati pake panali mpata waukulu ndithu, ndipo Ragna ankakhala pa mpata pomwepo n'kumazula udzu. Akatha ankagogoda kwa ine. Nthawi zonse ankabwera ndi lalanje, poti tsopano malalanje ankafika pa sitima.

"Ndakutengerani, achemwali."

"Zikomo, mayi Tauni. Mwadzuka bwanji? Ndamva kuti mwadzaza matope ndi zidakwa."

Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. "Sekani, koma simukudziwa. Dzina lija si langanso. Wina akukagulitsa nkhumba ku Ragna, wina waledzera ku Ragna, wina akutukwana fumbi la ku Ragna. Eilert akandiitana sinditembenukanso, ndimayesa akunena za siteshoni."

"Mavuto a anthu okhuta amenewo."

"Bwerani, achemwali. Alamu awonda. Akugona pa matumba a ufa m'sitolo mopanda moto."

"Uwaphikire iwe. Si ndiwe katswiri wa zitumbuwa?"

"Ndinawauza anthu aja kuti mwaphika ndinu."

"Unawauza motsitsa."

Anasenda lalanje lija n'kuligawa pakati monga kale, theka kundipatsa.

Chaka chachiwiri chipale chofewa chinafulumira kugwa. Ragna anabwera kumanda kuthambo kuli bii, ndipo asanamalize khofi mphepo inayamba, yoyera, yoti sungaone dzanja lako lomwe. Sakanabwerera. Kavalo wake ndinamulowetsa m'khola, iye ndinamugoneka pa bedi langa. M'mawa mwake pa pilo panali magazi. Ndi pamene ndinadziwa kuti chifuwa chija si chimfine, ndipo mwini wake ankadziwa kalekale.

Njira inatsekeka. Ngakhale sitima yawo yotamandika ija inatitimira m'chipale kwinakwake, dziko n'kuyamba laleka kukula. Mphepo italeka Eilert anabwera ndi dokotala pa matabwa otsetserekera pa chipale, ndipo dokotala anati asamusunthe. Ndiye anakhala kwa ine. Eilert ankabwera n'kubwerera chifukwa cha ziweto. Ndinamusambitsa, ndinamupesa tsitsi lija, ndinamumwetsa msuzi ndi supuni. Matendawo anamudya thupi lonse koma nkhope anaisiya, mpaka kuikongoletsa, masaya ofiira, maso owala. Ndinkamuyang'ana n'kumati mumtima, ha, ngakhale matenda omwe amamukondera.

"Achemwali," anatero masana ena, "mukudziwa kuti ndinkakuchitirani nsanje?"

"Usandiseketse, ndingatayire msuzi pa bulangeti."

"Zoona. Alamu pocheka nyumba anakusiyirani mbali ya chitofu, iwo n'kukagona pozizira. Eilert ndi munthu wabwino, koma aliyense akamuuza chinthu amangoti inde. Atauzidwa kuti andicheke ine pakati, angofunsa kuti macheka ali pati."

"Imwa msuziwu, ukuzizira."

Anandigwira dzanja. "Ndikapita adzafuna kukandiika kuja, pa chitunda choyang'ana siteshoni. Ndinawamva akukambirana zoyamba manda atsopano. Musalole. Ana anga ali pano."

"Umuuze mwamuna wako."

"Lero adzati inde kwa ine, mawa adzati inde kwa iwo. Ndikuuza inu chifukwa ndinu nkhutukumve."

Anamwalira m'mawa wina kunja kuli dzuwa lozizira, ine ndikukoleza moto. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndinalira mpaka mawu kutha, ndipo m'Sandvik monse munalibe wondimva.

Nthaka inali itauma gwa, ndipo nyengo yotere sitiika maliro, timadikira kuti ifewe. A Halvor ndi Eilert anakhoma bokosi ndi matabwa a mashelefu a m'sitolo, abusa anabwera kudzapemphera, kenako analiika m'shedi yanga ya nkhuni, mozizira. M'mawa uliwonse potenga nkhuni ndinkamupatsa moni, nthawi zina n'kumudzudzula pa zinthu zakale. Koyamba chibadwire, mng'ono wanga anali wanga ndekha, popanda wina womuyamikira.

Chipale chitayamba kusungunuka a Halvor anabwera ndi nkhani. Akuluakulu a tauni, motsogozedwa ndi Bambo Tollefsen, anagwirizana kuti Ragna akhale woyamba kugona m'manda atsopano. Kampani inalonjeza kubweretsa chimwala chachikulu kuchokera kum'mawa. Eilert anati inde.

"Abwera Loweruka la mawa linalo," anatero a Halvor, "ndi akavalo okwanira kutenga bokosi ndi khitchini yomwe."

"Khitchini yomwe?"

"Nanga mutsaliranji kuno tsopano?"

Ndinawauza zimene Ragna ananena. A Halvor anaika kapu pansi.

"Ine ndakukhulupirirani. Koma wina ndani, Berit? Dakota yense akudziwa kuti munacheketsa nyumba chifukwa cha dzina lake. Adzangoti mukufuna kumumana chimwala."

Apa ndiye anandilasa. Pa nkhani ya ufa, ya nyengo, ya matenda a ng'ombe, anthu ankandimvera. Pa nkhani ya Ragna pakamwa panga panalibe ntchito, ndipo mwana uja anasiya mawu ake omaliza pakamwa pomwepo.

Ndinatsimikiza zokumba manda ake ndekha Loweruka lisanafike. Pamwamba panali matope koma pansi nthaka inali idakali chiumire, fosholo inkangodumpha. Njira yake ndi imodzi, moto. Ndinatuta malasha anga onse. Ndinagwetsa zimbudzi zimene anthu anasiya, kuyambira cha a Tollefsen, ndinazula mipanda, ndinaguza masitepe a tchalitchi amene anaiwalika, n'kukoleza moto pa mpata uja pakati pa ana awiri. Moto ukazima ndinkakumba dothi limene lafewa, n'kukolezanso m'dzenje momwemo. Khitchini inazizira, ndinkadya buledi wouma, utsi unandifiiritsa maso. Zikhatho za abambo zija zinang'ambika, koma zinagwira ntchito yake.

Loweruka unafika mdipiti: abusa, a Tollefsen ndi chipewa chawo chachitali, ngolo yokutidwa nsalu yakuda, azimayi a kwaya, Eilert, ndipo kumbuyo kwenikweni a Halvor ndi akavalo ndi matcheni. Anandipeza nditaima m'mbali mwa dzenje, phulusa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, fosholo ili m'manja.

"Mayi Berit, n'chiyani chimenechi?" anafunsa a Tollefsen.

"Simunaonepo manda, bambo?"

"Manda takumba kale kutauni. Anthu akudikira, sukulu tatseka, masitolo tatseka, sitima ikalira motalika pomupatsa ulemu."

"Iye anati agone pano."

"Anauza ndani?"

"Ine."

Azimayi a kwaya anayang'anana. Akazi a Tollefsen ananong'ona mokweza dala, "Nsanje mpaka kumanda, abale inu."

"Inde, nsanje," ndinatero. "Ndinayamba nayo inu musanadziwe kuvala nsapato, ndipo sindinaibwereke kwa munthu. Koma mawu ake ndi amenewo. Bokosi lili m'shedi yanga. Wofuna kulikweza pa ngoloyo ayambe wakambirana ndi fosholo iyi."

Abusa anakweza manja. "Tiyeni tifatse. Mwamuna wake ali pompano. A Eilert, mukuti bwanji?"

Eilert sankamva n'komwe. Chisamukire tauni anali asanapondeko kumanda kuno, ankati mtima sumulola. Anali ataima payekha, akuyang'ana kamtanda ka kumanja, ka kumanzere, kenako dzenje lili pakati.

"A Eilert, pajatu munavomera kale," anatero a Tollefsen.

"Mpata uwu ndinasiya ndine," anatero Eilert. "Tikuika wachiwiriyu ndinafuna kukumba pafupi ndi mkulu wake. Ragna anandigwira mkono, anati sendera uko, usiye malo anga." Anavula chipewa. "Ndinaiwala bwanji ine?"

"Koma chimwala chili m'njira, a Eilert. Kampani idzatiyesa anthu otani?"

"Ayi," anatero Eilert. Chikhalire sindinamumvepo akutchula mawu amenewa, ndipo ndikuganiza kuti nayenso anadzidzimuka, chifukwa anabwereza. "Ayi. Chimwalacho mukachiimike pa siteshoni."

Bokosi analinyamula pa mapewa kuchoka m'shedi, kamtunda kakafupi, ngolo ya nsalu yakuda ili chiimire. Kwaya inaimba, ena nkhope zili ndwii. Tikukwirira, kumpoto kunamveka sitima ikulira motalika monga anapangana, kulirira dzenje lopanda kanthu.

Anthu atabalalika a Halvor anatsala. Anaguza tcheni mpaka pa ngodya ya khitchini, n'kuima pomwepo.

"Ndimange?"

"Musamange."

"Berit, munthu wapita. Mukulimbana ndi ndaninso?"

"Ndi tauni yonse. Iwo ali ndi dzina pa thabwa, kondakitala azilifuula m'mawa ndi madzulo, wogulitsa nkhumba azilitchula mmene akufunira. Mwini wake ndili naye ndine. Sindingamusiye kuno kuti ndikakhale moyang'anana ndi chikwangwani."

A Halvor anayang'ana kumpoto, kenako anayang'ana zikhatho zanga. Anaponya tcheni pansi, anamasula akavalo n'kuwalowetsa m'khola. Potuluka anapisa m'thumba la jasi.

"Ndinakutengerani ichi. Ndimati mudyere m'njira, nyumba ikuyenda."

Linali lalanje. Ndinakhala pa khomo n'kulisenda pang'onopang'ono, madzi ake akundiwawa m'ming'alu ya m'manja. Ili linali loyamba kupatsidwa ine mwini, losadzera m'manja mwa Ragna. Ndinaligawa pakati ndisanaganize n'komwe. A Halvor anatambasula dzanja, koma theka linalo sindinawapatse, silinali lawo. Ndinazungulira kuseri kwa khitchini n'kukaliika pa dothi latsopano lija, kuti Ragna nayenso alaweko kulandira theka.